Chingwe Chopinda Pakati

Linali Lachitatu, nthawi ya 10 koloko m'mawa, m'nyengo yozizira, pamene ndinaona mtima wa amuna anga ndi maso angawa, iwo ali moyo, atagona pabedi la m'chipatala.

Tinapitako chifukwa cha phuma. Kuchoka pakhomo pathu ku Chawama kukafika pokwerera minibasi, ankaima katatu kuti apume. Adokotala anali mayi wochepa thupi, wa magalasi. Anawapaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachitsulo konga sopo. Pagalasi la makina panaoneka chinthu chotuwa chikufinyika ndi kumasuka, m'kati mwake muli tizitseko tikutseguka ndi kutsekeka osaphonya. Ndinangopezeka ndaimirira. Zaka zonse za ukwati wathu ndinkaumva mtima umenewo ndi khutu, koma sindinaganizepo kuti uli ndi zipinda ngati nyumba.

"Ni wanga uyo?" anafunsa amuna anga.

"Ni wanu, atate," anayankha adokotala. "Wakula, ndipo watopa. Thupi limene ukulitumikira laupitirira mphamvu."

Ine ndine telala. Makina anga opalasa ndi mapazi amakhala pakhonde. Amuna anga ankayendetsa lole yodutsa malire a dziko pakampani ina ku Industrial Area, ndipo chaka ndi chaka ndinkawakulitsira mabuluku. Ndinkamasula msoko wakumbuyo n'kulowetsapo kansalu kosongoka. Ntchito imeneyo ndinkaigwirira poyera, kuti odutsa aone. Azilamu akabwera kuchokera ku Katete ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mlamu, mumadziwa kusunga munthu."

Zinali zaka zimene makampani ankatsekedwa motsatizana, ufa ukukwera mtengo sabata iliyonse. Zinalinso zaka za kaliwondewonde. Anthu akamapatsana moni ankayang'anana m'khosi, kuona ngati kolala yayamba kusewera. Ena ankandibweretsera zovala atazikulunga m'pepala kuti ndiwachepetsere, ndipo ndinkadziwa wodwala mpingo usanadziwe. Mwamuna wonenepa anali umboni woti nyumba yake ili bwino. Kampani yawo itatsekedwa, amuna anga ankangokhala pakhonde tsiku lonse. Nyama tinaiwala. Chimene chinkatigwira m'mimba chinali zitumbuwa, buledi ndi zigolo, madzi ovundulira shuga aja. Tinkasaukirasaukira, koma iwo ankanenepabe, ine n'kumathokoza Mulungu.

Atatha kuwayeza mtima, adokotala anatulutsa chingwe choyera m'kabati. Anawaimika amuna anga pakhoma, n'kuwayeza kuyambira pachidendene mpaka pamutu, n'kudula chingwecho. Kenako anachipinda pakati n'kundipatsa.

"Amayi, mwati ndinu telala. Azungulizeni pamchombo. Ofufuza apeza kuti mimba ya munthu isamapitirire theka la msinkhu wake."

Ndinazunguliza. Nsonga ziwirizo sizinakumane. Pakati pake panalowa chikhatho changa chonse n'kutsalabe malo.

Anatiuza zinthu zimene mpaka lero ndimazilingalira ndikamasoka. Ine ndinkayesa mafuta a m'thupi ndi nkhokwe chabe, yongokhala chete kudikira njala. Iwo anati ayi, mafuta ndi amoyo. A m'mimba amakuta chiwindi ndi matumbo, ndipo amathira zinthu zawo m'magazi, zimene zimaumitsa mitsempha ndi kuletsa shuga kulowa kumene akufunika. Anatinso mafuta amatumiza uthenga kumutu wonena ngati thupi lakhuta kapena ayi. Zimenezi akuti anaziona pa mbewa zina zobadwa zopanda uthenga umenewo. Mbewazo zinkadya osaleka mpaka kukhala ngati mpira, koma atazibaya chinthu chosowacho, zinayamba kukhuta ngati zinzake.

"Mbeba zonenepa so, ba dokota, munazipeleka kuti?" anafunsa amuna anga. "Ise ba kum'mawa sititaya ndiwo."

Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za anthu amene anakhala zaka akuyang'anira mbewa, mpaka kumva zimene mnofu umauza mutu, ndiponso za Amene anaika zonsezo m'kati mwa munthu popanda msoko wooneka.

Tinayamba kuchita zimene anatiuza. Zigolo tinasiya. Mafuta ophikira ndinkathira ndi supuni yaing'ono, ndiwo zamasamba zambiri, mchere pang'ono, ndi timapilisi tawo m'mawa. Tinkayenda pansi awiriwiri, poyamba kufika pamsika pokha, kenako kupitirira njanji. Patatha miyezi inayi ndinachotsa kansalu kamodzi pabuluku lawo. Anayamba kumanga okha nsapato. Tsiku lina anandinyamulira thumba la makala kuchokera kumsewu osaima.

Kenako anthu anayamba kuona. Pampopi ndikafika, nkhani inkaduka. Mayi wina amene anandisiyira nsalu ya ukwati anabwera kudzaitenga isanadulidwe. Amuna anga ankasewera nsolo pansi pa mtengo ndi anzawo ochotsedwa ntchito, ndipo wina anawauza pagulu kuti, "Ba draiva, shati yakula. Vija vamene munanyamula pa boda vayamba kusebenza?" Onse anaseka. Kapu ya madzi imene inkazungulira pamenepo, tsiku limenelo inawadumpha.

Anabwera masana, n'kukhala pafupi ndi makina anga.

"Amake ana, mawa muphike vitumbuwa. Nifuna thupi langa."

"Atate, mtima uja tinauona tonse."

"Tinauona ise babili. Khosi langa baliona bonse."

Ndinawatsutsa kamodzi kokha. Ndinene zoona: manyazi aja sanali awo okha. Zimene ankanena za iwo ankanenanso za ine, ndi za ana athu aang'ono kusukulu. M'mawa mwake ndinateleka chiwaya. Thupi linabwerera msanga kuposa mmene linachokera. Kansalu kaja ndinali nditakasunga, ndipo ndinakabwezera pakhonde pomwe paja, odutsa akuona. Mayi wa nsalu ya ukwati uja anandibweretsera ina.

Anakhalabe ndi moyo chaka ndi miyezi ingapo. Lamulungu lina titabwera kutchalitchi, anawerama kuti avule nsapato, n'kugwa cham'mbali. Pofika kuchipatala anali atapita.

Pamaliro azilamu ankauza aliyense wolowa kuti, "Kamuoneni, wapita ndi thupi lake lonse. Palibe anganene kanthu." Bokosi analipanga mwapadera. Anthu anabwera ambiri, osaopa kudya nafe. Ine ndinakhala pamphasa, ndikudziwa kuti ulemu umenewo ndinauphika ndekha.

Patapita miyezi itatu ndinabwerera kwa adokotala aja. Ndinadikira pamzere ngati wodwala. Nditalowa ndinawafunsa ngati ndine ndinawapha.

Anati mtima unali utawonongeka kale tisanabwere, ndipo palibe angadziwe masiku amene kuonda kukanawonjezera, ngakhale kuti kukanathandiza. Anati ofufuza aona kuti thupi likataya mafuta limadziyesa lili m'chilala: limakulitsa njala, limachepetsa mphamvu imene limawotcha, mpaka libweze zimene lataya. Anati zina zimayenda m'magazi a banja. Munthu amene akulimbana ndi zonsezo amafunika anthu omugwira dzanja, koma amuna anga anapeza omuseka.

Sananene kuti ndilibe mlandu, ndipo ine sindinawapemphe kutero. Anangofunsa kuti, "Ana anu atengera ndani?"

Ndinaganiza za mwana wathu woyamba, amene panthawiyo anali kale bambo wa ana awiri, ankayendetsa minibasi ya ku Matero, ndipo ankakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akudya chilichonse chodutsa pawindo. Adokotala anatsegula kabati n'kundipatsa mpukutu wonse wa chingwe.

Mwanayo sanachedwe kubwera ndi mabuluku awiri kuti ndimukulitsire. Ndinamuimika pakhoma. Ankaseka, akuti, "Amayi, mwayamba udokota?" Nsonga zinalephera kukumana ndi zala zinayi. Ndinamuuza za tizitseko ta mumtima wa atate ake, za mbewa zija, ndi za chiwaya chimene ndinateleka. Za chiwayazo ndinali ndisanauzepo munthu. Kuseka kunatha. Lolemba lake ndinamuperekeza kukiliniki. Atayamba kutsika thupi, ndinapita ndekha kusiteshoni kumene amapakira, n'kuuza anzake onse mokweza chifukwa chake, wina asanayambe kunong'ona.

Chingwecho chimakhala m'kabokosi ka makina, pamodzi ndi singano. Aliyense wobweretsa chovala choti ndikulitse, ndimayamba ndamuyeza msinkhu, n'kupinda chingwe pakati, n'kumupatsa kuti adzizungulize yekha.