A Nickson ndi Zoyera za Malipenga

Ku Khuyu, mudzi wa pachilumba, mukafunsa za a Nickson, akulozerani nyumba imene imafuka utsi wa makala ngakhale pamoto palibe mphika. Ndi simbi imeneyo. Kwa zaka makumi anayi mkuluyu wakhala akusita zovala za boma la m'mudzimo, ndiye kuti gulu lovina malipenga: malaya oyera, makabudula oyera, masokosi ofika m'maondo. Zonse zinkagona kwawo, m'bokosi lachitsulo.

Si munthu wapafupi ayi. Amalima chinangwa, ku usipa ankapitanso maondo asanayambe kuvuta, koma pakamwa mpakuthwa. Wovina akabwera ndi zikhadabo zakuda ankamubweza kunyanja kuti akasambe, ngakhale akhale wa imvi. Akazi awo, mayi Esme, amati anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi simbi.

Chaka chatha kunatsika m'sitima Dean, mwana wa mlongo wawo wokhala ku Lilongwe. Anabwera ndi nkhani ya chikondwerero cha zaluso ku Chipyela: oimba, osema, amayi ovina chioda, malipenga, ndi alendo onyamula makamera. A Nickson anakondwa, nasita masiku atatu. Tsiku lachinayi Dean anafika pakhomo ndi mtolo wa masaka.

"Amalume, zoyerazi zisungeni kaye," anatero. "Alendo akufuna chikhalidwe chenicheni. Ovina avale masakawa, malaya asavale, adzole phulusa pang'ono."

"Masaka a chiyani?"

"A chimanga, amalume. Tawachapa."

"Iwe Dean, agogo ako anavina malipenga atamanga tayi. Unawaonapo ali m'thumba la chimanga? Ife ndife wandu kapena ndife mphale?"

"Vuto ndi loti zoyerazo zimaoneka zachizungu."

"Chizungu! Mzungu uti unamuona akuliza lipenga la chikho? Nyamula zinyalala zakozi usanandidwalitse."

Nanga sizokwiyitsa? Mwana wobadwira pompano, amene anakula akuthamangira ng'oma yomweyi mamina ali chuchuchu, lero akuchita manyazi kuti abale ake amadziwa sopo. Akufuna alendo akanene kwawo kuti anapeza anthu a phulusa pachilumba.

A Nickson ankadalira kuti amuna anzawo akana. Koma Dean anawazungulira mmodzimmodzi, kuwauza kuti kanema wawo adzaonedwa dziko lonse ndipo mwina adzaitanidwa ku Lilongwe. A Mathias, kingi wa bomalo, mtsogoleri amene amayenda patsogolo pa mzere, anabwera akukanda m'mutu.

"Ndi tsiku limodzi lokha, akulu. Mlendo ndi mame."

"Mamewo akakamuka, manyazi adzatsala ndi yani?" anafunsa a Nickson.

Tsiku la chikondwererolo a Nickson anayenda wapansi mpaka ku Chipyela atavala zoyera okhaokha, nsapato zili phuliphuli. Pachingwe cha bwalo anawaimitsa mayi wina wobwera ndi Dean.

"Agogo, kuno ndi kwa ovina okha. Mipando ili uko."

Anakhala pampando, munthu amene anayamba kuvina mayiyo asanabadwe. Ndiye boma lawo linalowa. Malipenga ndi gule wa matama, munthu amaponda mwachifatse, khosi lili chilili, mpango uli m'manja. Koma ungachite matama saka likukuyabwa m'ntchafu? Phulusa linasakanikira ndi thukuta n'kumayenderera. A Mathias, bambo wa ana asanu ndi awiri, dzanja limodzi linali pachingwe cha m'chiuno kuopa kuti saka lingagwe.

"Umu ndi mmene makolo athu ankavalira!" anatero Dean pachinkuzamawu.

"Bodza!" anakuwa a Nickson ataimirira. Palibe anamva. Alendo anali kalikiliki kuwomba m'manja.

A Nickson anabwerera ku Khuyu. Sanakhale pansi, sanamwe ndi madzi omwe. Anatsegula bokosi lija n'kuyamba kumanga zovala mu nsalu.

"Bambo, zikalowa m'nyumba za eni sizidzabwerera," anachenjeza mayi Esme. "Dikirani mtima utsike."

Ndani akanawagwira? Anayenda khomo ndi khomo, kuponya malaya ndi kabudula pakhonde. "Tenga zako! Ine sindisitira mphale!" Ngakhale jekete loyera la kingi, limene bambo awo a mkuluyu anabwera nalo kuchokera ku Joni, analiponya pakhomo pa a Mathias.

Alendo anakwera sitima, Dean nayenso. Za ku Lilongwe zija zinathera m'malere. Khirisimasi itayandikira, boma la ku Mbungo linatumiza uthenga woti akapikisane, ndipo a Mathias anabwera atagwira chipewa m'manja.

"Akulu, tinalakwa. Ku Mbungo sitingapite ndi masaka, angatiseke mpaka chaka chamawa."

A Nickson anawakalipira mpaka mawu kusasa, koma pansi pa mtima anali atakondwa. Analamula kuti aliyense abweze zovala, nakoleza makala.

Mwa anthu makumi awiri, anabweza asanu ndi mmodzi. Wina malaya anali atawadulira mwana wa sukulu. Wina ankapita nawo ku usipa, anabwera akununkha mpaka ntchentche kumutsatira. Masokosi sanaonekenso. A Mathias anabwera pomalizira, atabisa dzanja kumbuyo. Jekete lija akazi awo ankavindikirira chinangwa chovuuka, ndipo makoswe anali atadya kolala ndi dzanja limodzi.

A Nickson sanatukwane. Analitenga n'kutsikira kunyanja, nalichapa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Silinayere. Chaka chimenecho boma la Khuyu silinapite ku Mbungo, koyamba chiyambire.

Mpaka lero mukatchula Dean, mkuluyu amalavula. Amati mwanayo anavula mudzi wonse. Koma tsiku lina mayi Esme atatopa nazo anawafunsa kuti, "Dean anawavula tsiku limodzi. Nanga bokosi anatsegula ndani?"

Mkuluyo anatuluka panja, ndipo tsiku limenelo sanadye.