Mayi Margret Masiye ndi Mtsinje wa Namilulu

Akhristu anzanga, mwezi uno tikukumbukira mayi Margret Masiye a mphakati wa Yosefe Woyera, kumtunda kwa Khombedza, amene tidawaika m'manda mu Ogasiti chaka chino cha 2024. Ine Kondwani ndidakhala nawo m'komiti yosamalira mtsinje wathu zaka khumi ndi zitatu, ndipo ndikulemba zimene ndidaona ndi maso anga.

Adabadwa mu 1953 m'mbali mwa mtsinje wa Namilulu, umene umakathira m'nyanja. Sukulu adalekezera sitandade 4, mayi awo atamwalira, kuti alere ang'ono awo atatu. Atabatizidwa adadzipereka kusesa tchalitchi chathu Loweruka lililonse, ndipo sadaleke mpaka ukalamba. Amuna awo, bambo Charles, adamwalira mu 1998 n'kuwasiyira ana asanu ndi dimba la m'mphepete mwa mtsinje. Tomato ndi mpiru wa m'dimbamo ndi zimene zidalera anawo.

Mu 2009 midzi isanu ndi iwiri yomwa madzi a Namilulu idakumana, chifukwa mtsinjewo udayamba kuphwa mu Juni ndi kusefukira mu Januwale. Alangizi a zankhalango adatithandiza kujambula mapu pansi ndi phulusa, kuchokera kumapiri mpaka kunyanja. Tidapangana kuti akumtunda aleke kuotcha makala, ndipo akumunsi asiye kulima m'mphepete mwenimweni, adzalemo nsungwi ndi udzu wa vetiva. Onse adaomba m'manja. Koma alangiziwo atafunsa amene ayambe kusiya dimba lake, anthu adayang'ana pansi. Mayi Masiye adaimirira nati: “Muyambire langa lija. Madzi ndi a Mulungu, ife adangotisungitsa.”

Kunyumba sikudakome. Mwana wawo woyamba, Davie, adawafunsa ngati banja lidzadya mapuwo. Chaka chimenecho adagonadi ndi njala kangapo, mayi n'kumakagwira ganyu m'minda ya mpunga. Sitidawamve akudandaula. M'mamawa uliwonse, akatha kupemphera, ankatunga madzi pamjigo kukathirira mbande za ku nazale ya komiti.

Pangano lija lidasweka pang'onopang'ono. Akumtunda adati sangaleke makala pamene malole a ku Lilongwe akuimabe pamsewu kudzagula. Akumunsi ataona zimenezi adabwerera m'madimba mwawo. Ngakhale Davie adayamba kukankha njinga ya makala. Mayi ake ankamupempherera, ndipo pamsonkhano wina adavomera okha, mutu uli pansi, kuti mwana wawo ndi mmodzi mwa odula mitengo. Ena ankawanena kuti alangizi amawapatsa kanthu mobisa. Zitawafika, adangoti wonenayo abwere adzaone denga lawo lodontha.

Mu Febuluwale 2022 madzi osefukira adatsika ndi ukali umene sitidauonepo. Adakokolola nazale, nsungwi zonse, ndi theka la manda a m'mudzi, kuphatikizapo a bambo Charles. Ndidawapeza atakhala pamchenga pamene padali mandawo, korona wopempherera ali m'manja. Ndidawafunsa ngati sitidataye zaka zathu pachabe. Adandiyankha kuti:

“A Kondwani, mwina tidatayadi. Mtsinjewu ine sindidzauonanso wamoyo, kaya adzukulu anga. Koma kwa Ambuye ndikanena chiyani? Kuti ndidatopa?”

Sabata yotsatira adayambanso kuthira dothi m'machubu odzalamo mbande, kuseri kwa tchalitchi. Komiti idali itabalalika, choncho ntchitoyo ankagwira okha, mpaka miyendo idakana. Bambo mfumu a parishi adawapatsa sakramenti la odwala Lachinayi. Loweruka masana adapempha kuti awagoneke pamphasa pakhonde. Ana awo akuimba nyimbo ya Amayi Maria, adatseka maso ndipo adatisiya mwakachetechete.

Namilulu lero ndi mchenga wokhawokha. Amayi akukumba mpaka m'chiuno kuti apeze ndowa imodzi. Mayi Masiye adasiya mbande mazana atatu, ndipo Lamulungu lapitali tidalengeza m'tchalitchi kuti ofuna kuzithirira mpaka mvula igwe abwere Lolemba. Tidabwera atatu. Tikuthirira mosinthana, koma mjigo wathu wayamba kutulutsa matope.

Mzimu wa mayi Margret Masiye uuse mumtendere. Ife otsalafe Ambuye atichitire chifundo, pakuti tidawaona akuyenda ndipo sitidawatsate.