Tinaika Nthochi M'manda a Bambo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinaika maliro a bambo anga, eni ake ali moyo. Kunali kwathu ku Ntcheu. Bambo anakangana ndi mnansi wathu, a Chimbalanga, pa nkhani ya malire a munda, ndipo mkangano unathera pa mpini wa khasu. A Chimbalanga anafera pomwepo, pakati pa mizere ya mbatata, nkusiya mkazi wawo, a Nachisale, ndi ana aang'ono. Khoti linagamula kuti bambo anyongedwe.

Chaka chitatha osamva kanthu, bambo aakulu anasonkhanitsa abale. Anati thupi la munthu wonyongedwa silibwera kumudzi, boma limakwirira lokha, ndiye panalibe chodikira. Anadula thunthu la nthochi, nkuliveka jekete la bambo, nkuliika m'bokosi. Mpaka lero ndimaona madzi a nthochiyo akudontha kunsi kwa bokosi, ndipo fungo lake lachinyezi silinandichoke m'mphuno. Azimayi analira zenizeni. Tonse tinameta mipala, amayi anawasudzula, ndipo sipanatenge nthawi anakwatiwa ndi bambo wina.

Tsiku lina pakhomo panafika mkulu wokhoma zidebe amene anali atangotuluka kundende ku Zomba. Atamwa madzi anati, "A Lufeyo alipo, amayimba kwaya m'katimo. Akuti ndipereke moni kwa Esinati." A Lufeyo ndi bambo anga, Esinati ndine. Ndinaliyatsa liwiro mudzi wonse ndikukuwa kuti ababa ali moyo, mpaka pakhomo pa a Nachisale, amene anangoima ndi lichero m'manja, kundiyang'ana.

Madzulo ake bambo aakulu anathyola kamtengo ka pichesi nkundikwapula mpaka miyendo kutupa. "Maliro salira kawiri," anatero akupuma mwawefuwefu. "Mayi ako ali pabanja, a Nachisale mtima unayamba kukhala pansi. Iwe ukufuna kufukula chiyani?" Phunziro ndinaligwira bwino, mwina mopitirira. Kusukulu, kutchalitchi, ngakhale kwa bambo a ana anga, yankho langa linali limodzi: bambo anamwalira ndili mwana.

Mliri wa korona unandipeza ku Dubai, ndikulera ana a eni ake ku Jumeirah Village Circle. Tinali otsekeredwa m'nyumba, dziko lonse tikulionera pafoni. Nkhani itamveka yoti kwathu akaidi oyembekezera kunyongedwa awasinthira chilango, madamu anga anabwera kukhitchini akumwetulira, ati mayiko akunja akuyamikira dziko lathu. Pagulu lathu la azimayi a ku Malawi kunali moto. "Khalas, nkhani yatha, wakupha aphedwe basi!" analemba mnzanga wina amene timapemphera limodzi. "Akanapha wanu mukanatero? Azungu asatiuze zochita." Ine sindinalembepo kalikonse. Ndikanati ndili mbali iti?

Kenako kunabwera uthenga wa mawu kuchokera kwa abusa ena otumikira kundende, amene anapeza nambala yanga kwa msuweni wanga. Ndinaumvera masana ana atagona, nditadzitsekera m'kachipinda kochapira. Abusawo atapereka moni, kunamveka mawu a nkhalamba, onjenjemera, omveka kuti mano anatha.

"Esinati mwana wanga, ndine bambo ako. Akuti chingwe chija achichotsa, ndifera momwe muno ndi imfa ya Mulungu. Ndinamva zoti munandiika. Sindikudandaula ayi, ndinapha munthu ine. Ndimangofuna kufunsa, kodi pamaliro anga aja anabwera anthu?"

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinachita mantha ngati ndamva mzukwa, kenako manyazi, kenako ndinalira kulira komwe kamtengo ka pichesi kanandiletsa. Panapita masiku ndisanayankhe. Pomaliza ndinati, "Anabwera ambiri, ababa. Ngakhale a Nachisale anabwera, anakhala chapatali." Sindinaname.

Za chilungamo sindingaweruze, pakuti ana a a Chimbalanga anakula opanda bambo, ndipo iwo uthenga wa mawu sadzaulandira. Koma lero ndikumvetsa chimene sindikanamvetsa ndili mwana. Boma linangogamula kuti bambo afe, chingwe sichinawakhudze. Amene tinawapha ndife abale awo, chifukwa kulira wakufa kunali kopepuka kusiyana ndi kuyendera wamoyo amene anatichititsa manyazi. Boma chigamulo chake lasintha. Chathu sitinasinthe, ndipo wochisintha watsala ndine ndekha.