Madzi a ku Mgona ndi chaka chimene ndinataya

Zinayamba ndi mutu. Linali Lachiwiri, kutatsala milungu iwiri ndi theka kuti ndikaime pamaso pa aphunzitsi athu ku yunivesite n'kufotokoza kafukufuku wanga wa chaka chomaliza. Lamulo lake tonse tinkalidziwa: wojomba tsiku limenelo amadikira gulu la chaka chamawa, chifukwa mphunzitsi wochokera ku sukulu ina, amene amadzaunika ntchito zathu, amabwera kamodzi pachaka. Ndinameza panado n'kupitiriza kulemba.

Ndinkaphunzira zaumoyo, ndipo kafukufuku wanga anali wa madzi a m'zitsime za ku Mgona. Ndinkadzukira kwa achemwali anga ku Area 25, kumene ndinkakhala, n'kumayenda khomo ndi khomo ku Mgonako ndi timabotolo totungira madzi komanso mapepala a mafunso. Kumeneko n'kumene ndinalakwitsa, ndipo ndinalakwitsa ndikuona. Kunja kunkatentha koopsa. Pakhomo lililonse mayi wa panyumbapo ankandiyalira mkeka, kenako n'kubwera ndi kapu ya madzi, atagwada. Ine ndinaleredwa ku Dedza, kumene chopatsidwa ndi manja awiri sakana. Komanso ungakane bwanji madzi a munthu amene wangomuuza kumene kuti wabwera kudzayeza chitsime chake? Tsiku lina nditazengereza, mayi wina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye mwatiweruza kale, asisi, musanayeze n'komwe?" Ndinamwa onse. Kuyambira pamenepo ndinkamwa paliponse, anthu n'kumayankha mafunso anga momasuka. Ku labu, madzi omwewo ndinkawagwira nditavala magolovesi.

Pofika Lachisanu thupi linali likutentha madzulo aliwonse, ndipo chakudya chinasiya kukoma. Kwathu kuno thupi likatentha timati ndi malungo basi, ngakhale ife amene tinakhoza mayeso a matenda opatsirana. Ndinagula mankhwala a malungo osayezetsa, n'kuwamaliza m'masiku atatu. Palibe chinasintha. Sabata yachiwiri m'mimba munayamba kupota, kenako kutsegula. Achemwali ankandichonderera m'mawa uliwonse kuti tipite kuchipatala, ine n'kumawakalipira kuti sadziwa za sukulu. Aphunzitsi ondiyang'anira anali atandibwezera chaputala chachinayi chili psuu ndi inki yofiira, ndipo ndinkaona ngati kukhala tsiku lathunthu pamzere wa kuchipatala n'kutaya nthawi. Mpaka lero ndimachita manyazi ndi mmene ndinkawayankhira.

Lolemba la sabata yachitatu, cha m'ma teni m'mawa, ndili mulaibulale, ululu unandibaya m'mimba moti ndinalephera kuwongoka. Mimba inauma ngati thabwa. Anzanga a m'kalasi anandinyamulira m'galimoto n'kuimbira foni achemwali.

Kuchipatala mzere unali wautali, mabenchi onse odzaza. Tinakhala pansi pafupifupi ola lathunthu, achemwali atagwira buku langa la kuchipatala, mpaka nesi wina wodutsa anandiona nkhope, n'kundiyeza kutentha kwa thupi, n'kundichotsa pamzerepo. Ananditenga magazi, anandijambula m'mimba, kenako tinadikiranso. Dokotala atabwera sanazungulire.

"Ndi taifodi, ndipo matumbo abooka. Tikupita nanu ku fiyeta lero lomwe."

Ndinawafunsa ngati opaleshoniyo singadikire kuti Lachisanu, tsiku lofotokoza kafukufuku wanga, lidutse kaye.

"Mukadikira mpaka mawa, mayi, za Lachisanu sitidzakambirananso," anatero. Achemwali anasaina pepala.

Ndinatsitsimuka ndili m'wodi, chubu chili m'mphuno, diripi ili padzanja. Kwa masiku anayi sanandilole kudya kapena kumwa kanthu. Achemwali ankangondinyowetsa milomo ndi thonje. M'mawa uliwonse odikirira odwala ankatulutsidwa kuti akolope m'wodi ndiponso kuti madokotala azungulire, ndipo ine ndinkatsala ndekha kumvetsera bedi ndi bedi mpaka afike pa ine. Kutentha kwa thupi kunkatsika, mawa lake n'kukweranso. Mantha anandigwira kwenikweni, makamaka tsiku limene bedi la moyandikana nane analitchinga ndi nsalu, ndipo atachotsa nsaluyo linali lopanda munthu.

Lachisanu lija linandipeza momwemo. Pamndandanda wa ofotokoza kafukufuku ndinali wachitatu. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma mpaka inakwana nthawi yanga, n'kuyamba kunena mawu anga oyamba chamumtima, monga ndinawaloweza. Sindinafike patali, ndinalira. Achemwali anali atakapereka kalata ya dokotala kusukulu, ndipo yankho linabwera sabata yotsatira. Anandimvetsa, sanandilembe kuti ndalephera, koma lamulo silinasinthe. Ndiyenera kudikira chaka chamawa.

Bala linachita mafinya, ndipo ankalitsuka tsiku ndi tsiku. Ndinakhala m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku lotuluka, dokotala yemwe uja akulemba m'buku langa anandifunsa tsiku limene mutu unayamba. Nditawauza anaika cholembera pansi.

"Mukanabwera sabata yoyamba ija, tikanangokupatsani mapiritsi. Lachisanu lanulo mukanapitako ndi miyendo yanu."

Pano papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndikudya bwino, thupi labwerera, ndipo ndayambanso kunyamula ndowa, ngakhale chipsera chimakoka kukazizira. Anthu a ku Mgona sindiwaimba mlandu. Anandipatsa madzi amene amamwa okha ndi ana awo, ndipo zotsatira za kafukufukuyu ndikazipereka kwa iwo ndisanapite nazo kwina.

Kwa ophunzira anzanga ndikuti, thupi likatentha masiku awiri, siyani chaputalacho mukayezetse. Musadzilembere nokha mankhwala, ngakhale mutaphunzira zaumoyo. Ine ndinakana kutaya tsiku limodzi pamzere.

Anzanga a m'kalasi analandira madigiri awo mwezi watha. Ndinapitako, ndinawaombera m'manja, ndinawajambula zithunzi. Titabwerera kunyumba m'pamene achemwali anandiululira kuti iwo ndi amayi anali atasoketsa kale zovala za chitenje chofanana, zoti adzavale tsiku limenelo. Zili m'sutikesi, pansi pa bedi, sizinavalidwepo.