Mawaya a Zuze Analibe Mlandu

Mayi Saidi a ku Chigumula anandipempha kuti nyali za m'khola la nkhuku zawo zisamayake mwadzidzidzi, chifukwa nkhuku zinkadzidzimuka n'kumapondana. Ankafuna kuti kuwala kuzikwera pang'onopang'ono, mofanana, kwa mphindi khumi. Ndinati n'zosavuta, ndipo ndinalemba pulogalamu ya maikulokontirola, kachipangizo kakang'ono kolamulira magetsi.

Tsiku loyesa, nyali zinakhala zozima mphindi khumi zonse, kenako zinayaka kamodzin'kamodzi. Nkhuku zinabalalika, ina n'kugwera m'madzi. Ndinayesanso kanayi, thukuta lili kamukamu, koma zinali chimodzimodzi.

"Vuto n'chiyani, achimwene?" anafunsa mayiwo.

"Mawaya anuwa sanalumikizidwe bwino," ndinayankha osaphethira n'komwe.

Anaimbira foni a Zuze, amene anaika mawayawo, n'kuwakalipira ine ndili pompo. Bambowo anakwera minibasi kuchokera ku Limbe, n'kutha masana onse ali pamakwerero, kufufuza vuto lomwe kunalibe.

Ine vuto lenileni ndinaliona pa laputopu iwo atangokwera pamakwerero. M'pulogalamumo kuwala konse ndi nambala 255, yomwe ndinaigawa ndi masekondi 600 kuti ndipeze kuwala kowonjezera pa sekondi iliyonse, ndipo kachipangizoko kankapeza ziro chifukwa sindinakauze kusunga madesimo. Sekondi iliyonse kankawonjezera ziro, nthawi ikatha n'kuyatsa nyali zonse kamodzi! Chakumadzulo ndinakonza mzere umodzi wokhawo wa pulogalamu mwakachetechete, nditatembenuzira laputopu kukhoma.

Kuwala kwa nyali kutayamba kukwera bwino, a Zuze anatsika, manja ali bii, n'kundifunsa kuti, "Ndiye unali waya uti, aphunzitsi?"

Ndinaloza wofiira. Anaudula n'kuikapo wina, uku akupepesa kwa Mayi Saidi.