Bulangete la amayi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe tinavotera zipani zambiri. Anzanga ku Chia ankati ufulu wabwera, koma ine ufuluwo sindinauone m'mbale. Mpunga unali utakokoloka, chinangwa chitaola. Amayi sanandiletse. Anangoti, "Bambo ako anapita komweko n'kutchona. Iwenso ukatchona, ndidzangodziwa kuti ndi mtundu wanu."

Ntchito ndinaipeza pa kampani yoperekera katundu m'makomo. Lamulo lake linali losavuta: gogoda, ngati palibe munthu, lowetsa kapepala pansi pa chitseko, uzipita. Agalu a kumeneko ndinawadziwa kuposa eni ake. Ndinkasungulumwa koopsa, ndipo kwathu ndinakhala nthawi yaitali osatumizako kanthu, chifukwa lendi inkandidya wamoyo.

Kenaka munthu wina wochokera ku Benga anandiuza kuti amayi akudwala, ndipo pamudzi ayamba kale kunditcha mtchona. Zinandiwawa. Ndinagula bulangete lolemera n'kukawapatsa Che Amidu, dalaivala wachikulire wa thiraki yopita kwathu kudzera msewu wa kunyanja. Adiresi yake inali yapakamwa: mukawoloka mlatho wa Chia, mukafunse kwa a Nabanda, mayi a Yohane. Ndili m'njira yobwerera kuchipinda kwanga, mtima unandiluma. Nanga akakapeza pakhomo palibe munthu? Ntchito imeneyi ndinkaidziwa ine.

Ndinabwerera kumudzi amayi ataikidwa kale. Mlongo wanga Esnati ndiye anandifotokozera zonse titakhala pakhonde.

Che Amidu anapezadi chitseko chotseka. Amalume anathamangirako, ati siyani katunduyo kuno, koma mkuluyo anakana mwaulemu. Anasiya thiraki pamsewu n'kuyenda wapansi mpaka kudimba, komwe amayi ena anamuuza kuti odwalawo anawatengera kuchipatala ku boma. Anapita komweko, n'kupeza nthawi yoonera odwala yatha. Anakhala panja ndi phukusi pamiyendo, katundu wa eni ake akudikira m'thiraki, mpaka anamwino anatsegula.

"Achimwene, mukanaona," anatero Esnati. "Mkulu uja anawafunditsa yekha. Amayi anadzuka n'kumauza wodi yonse kuti, 'Gwirani muone, la ku Joni ili! Uja mumati watchona uja!' Sanalivulenso mpaka tsiku lomaliza."

Ndinalira ngati mwana, koma mtima unapepuka. Amayi anapita akudziwa kuti sindinawataye.

Che Amidu ndinakawapeza pa Benga akumwa tiyi, thiraki ili pambali. Ndinagwada kuti ndithokoze, iwo n'kuchita manyazi, n'kundikoka mkono.

"Dzuka iwe, anthu aziti ndakulodza."

"Bambo, munataya tsiku lonse chifukwa cha bulangete limodzi."

Anandiyang'ana modabwa, ngati ndanena zopusa.

"Nanga ndikanatani, mwana wanga? Unati ndikawapatse amayi ako. Sunati ndikapatse chitseko."