Nkhumba Yomwa Mankhwala a Achemwali

"Nkhumba ndi yanga, mkazi ndi wanga. Iwe chako n'chiyani, JC unalephera ija?" Anatero alamu anga, ataima pakhomo pa khola ngati mlonda wa banki.

"Nanga mankhwala a achemwali mumathira m'madeya aja, ndi anunso?" Ndinakuwa ine, mpaka agalu a ku Dzoole anauwa.

Zinali patapita zaka zingapo matipate atabwera, aliyense akuti ufulu unafika, mankhwala otalikitsa moyo atangoyamba kumene kupezeka kuchipatala. Achemwali anga, amene anakwatiwa cha ku Kasakula, anawapeza ndi kachilombo ka Edzi, n'kenanso ka m'chiwindi, adokotala amati hepataitisi B. Anawauza kuti mankhwala omwewo akumenya tonse tiwiri, bola osadumphitsa. Anamwa, thupi linabwerera, masaya kuchita kuwala.

Basi alamu anakamva kumowa kuti mankhwalawo amanenepetsa nkhumba. Kuyang'ana akazi awo, anati umboni si uwu! Botolo likangofika ankagawa pakati, ena a mayi, ena a nkhumba. "Inu mwachira kale, msiyireniko mnzanu." Achemwali, poti anali pachitengwa, ankangomwa otsalawo. Mwezi usanathe, botolo latha.

Nkhumbayo inanenepa, abale inu! Ikatembenuka m'khola, phiri la Ntchisi linkagwedezeka. Koma achemwali maso anasanduka achikasu ngati papaya lakupsa, mimba kutupa, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinawakweza panjinga mpaka kuchipatala. Adokotala anapukusa mutu. Akuti kumwa modumphadumphako kwadzutsa kachilombo ka m'chiwindi kaja, ndipo kakuoneka kuti kazolowera mankhwalawo, sikakuwaopanso. Apite msanga ku Lilongwe, mwina akawasinthira ena. Pobwerera ndi pamene anandiululira za madeya, n'chifukwa chake tsiku limenelo ndinali pakhola.

"Gulitsani nkhumbayi achemwali akwere galimoto," ndinatero.

"Ndigulitsa tsiku la msika, koma ndikugula wailesi. Mwini mbumba si ndiwe? Samala mbumba yako, bwana JC."

Mtima wanga unawira, ukanatha kuphika nyemba zouma. Ndinati ndiotcha chigafa cha fodya. Ndinati nkhumbayo ndiithira tameki. Achemwali, ali gone pamphasa, anati, "Achimwene, chiweto chilibe mlandu."

"Ndiye alamuwo ndikawalembe pamsika?"

"Kalembeni. Amene sakudziwa za ine ndani?"

Ndinang'amba katoni ya sopo, ndinatenga khala, ndinalemba zilembo zoti ndi wakhungu yemwe awerenge: NKHUMBA YA BAMBO WA NJINGA YOFIIRA IMAMWA MANKHWALA OLANDA KWA MKAZI WAKE WODWALA. OGULA MUDYE BWINO. Ndinakaikhomera pamsika, pamtengo uja amapachikapo nyama, ndi misomali yozula pachitseko cha alamu omwewo.

Tsiku la msika alamu anafika nayo nkhumba ataimanga panjinga yawo yofiira, matayala akulira. Ootcha kanyenya anawerenga katoni, n'kuyang'ana nkhumba, n'kuyang'ana njinga. Palibe anafunsa ngakhale mtengo. Amayi ena ogulitsa tomato anawafunsa kuti, "Bambo, lero yamwa kale, kapena imwa madzulo?" Msika wonse unagwa nako kuseka, ndi ntchentche zomwe zinawathawa. Anabwerera akukankha njinga pachitunda, thukuta kamukamu, nkhumba ikuwatukwana kumbuyo. Ine ndinawaperekeza ndi mluzu mpaka kumlatho.

Zinandikomera ngati uchi, sindinama. Kungoti kufika kunyumba, achemwali anali pomwepo pamphasa, maso chikasu chomwe chija, Lilongwe ali kutali ngati kumwamba.

M'mawa mwake ndinapita kukaona ngati alamu azula katoni yanga. Inalipo. M'munsi mwake mnzanga wina wa kusukulu, amene ankakweza mabelo a fodya palole ya amalume ake, anali atawonjezera ndi khala lake:

"Aise, wawakhaulitsa, koma katoni sichiza chiwindi. Lole ikunyamuka mawa mbandakucha kupita kuokushoni ku Lilongwe. Achemwali akakhala kutsogolo, iwe pamwamba pa mabelo. Alamu akowo akwere nkhumba."